Diazepam kapena fluoxetine pa vuto la nkhawa?

Onsewa ndi mankhwala olembedwa ndi dokotala, osati ogula pamsika. Diazepam amakhazika mtima pansi msanga, ola lisanathe, koma amawodzeretsa. Msodzi wa ku Senga Bay wolowa m'nyanja usiku, kapena wakabaza wa pa Salima boma, asamwe popita kuntchito. Kuphatikiza ndi kachasu ndiye koopsa zedi, munthu atha kuleka kupuma. Thupi limawazoloweranso, n'chifukwa chake amaperekedwa kwa masabata 2 mpaka 4 basi. Mukamwa nthawi yaitali, kusiya mwadzidzidzi kumatha kukugwetsani ngati wakhunyu.

Fluoxetine amachedwa. Pamapita masabata angapo musanaone kusintha, ndipo poyamba amachititsa nseru ena. Koma sakola munthu ngati mnzakeyo. Nkhawa ikakhala ya miyezi, ine ndingawafunse adokotala za ameneyu.