Jambiani, Zanzibar, mu Julayi: chipinda tinalipira ife, anagonamo ena

Dzina la loji sinditchula, koma amene mumatsatira zotsatsa za maulendo a ku Zanzibar mukuidziwa. Ndi ija ya ku Jambiani, yofolera ndi masamba a kokonati, imene chithunzi chake cha bedi loyang'ana kunyanja chinazungulira m'magulu a WhatsApp. Mtengo wake wa Julayi mukuudziwanso, pafupifupi kuwirikiza kawiri wa Epulo. Ife tinapereka theka la ndalama miyezi itatu ulendo usanafike, m'madola, ndipo mmene dola ikusowera m'mabanki muno, thukuta limene tinakhetsa kuti tiipeze mukulimvetsa nokha. Anatitumizira kalata yotsimikiza: chipinda nambala 4, cha kutsogolo, ndi chakudya cham'mawa ndi chamadzulo.

Za njira sindichulutsa. Basi kudzera pa Songwe ndi Mbeya mpaka Dar es Salaam, boti la maola awiri kupita ku Stone Town, kenako takisi yopitirira ola limodzi kukafika kugombe lakum'mawa. Tinafika kutada, msana ukuwawa, maganizo onse ali pa bafa ndi bedi.

Mnyamata wa pa risepushoni anatenga kalata yathu osatipatsa ngakhale mpando. Anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuyang'ana kompyuta, n'kutiyang'ananso. Akuti dzina lathu mulibe. Ndinamuonetsa risiti la kubanki pa foni. Akuti tidikire pang'ono. Tili chiimire choncho, kunafika galimoto ya azungu onyamula zikwama zazitali za makaiti amene amaseweretsa panyanja. Iwo aja anathamangiridwa ndi juwisi wozizira ndi tinsalu tonyowa topukutira kumaso. Ife kukhosi kuli gwa, zikwama zili pamapazi. Ndinaona ndi maso angawa kiyi wolembedwa 4 akuperekedwa kwa awiri a m'gulu limenelo.

Chimene chinandiwawa kwambiri si kiyiyo ayi. Mnyamata uja anatembenukira kwa mnzake n'kunena m'Chiswahili kuti awa tikhoza kuwaika kuseri, anthu ngati awa sadandaula. Ankaganiza kuti sitikumva. Chiswahili changa n'cha kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, chokambirana mitengo ya nsalu ndi nsapato, koma chimenecho chinakwana. Ndinamuyankha m'chilankhulo chake chomwecho kuti, "Kaka, anthu ngati ife ndi anthu otani?" Anangoti kukamwa yasa. Bambo akunyumba ndi munthu wofatsa, sakonda phokoso pagulu, ndiye anandigwira mkono n'kunena chapansipansi kuti, "Mayi, tiyeni tingogona, mawa kukacha tikambirana." Ndinati, "Bambo, mawa lake liti? Ndalama yathu anailandira mu Epulo, lero akuti sakutidziwa, ndiye mawa adzatidziwira kuti?"

Ndinaumirira kuti aimbire manijala. Mwini wake akuti ali ku Ulaya, manijala akuti ali ku tauni. Atayankha foni, mawu ake anali osalala, koma opanda kanthu. "Pepani mayi, ino ndi nyengo ya alendo ambiri, zimachitika." Zimachitika bwanji? Zimene ndinadzamva kwa ogwira ntchito ena n'zakuti chipinda chimodzi amachiika pa masamba angapo a pa intaneti nthawi imodzi. Julayi ndi Ogasiti ndi tchuthi cha ku Ulaya, komanso ndi nthawi imene mphepo ya kusi imaomba mosalekeza, ndiye Jambiani ndi Paje, mudzi woyandikana nawo, zimadzaza ndi a makaiti amene amakhala masabata athunthu n'kulipira mtengo wonse osanenerera. Wina wotero akapezeka, wa dipoziti ya theka amamukankhira pambali, poganiza kuti munthu wofika usiku kuchokera kutali alibe kolowera. N'zoonadi, kolowera tinalibe. Tinaimba m'maloji angapo oyandikana nawo, konse kodzaza.

Chipinda chimene anatipatsa chinali kuseri kwa khitchini. Khoma limodzi ndi kanyumba ka jenereta, ndipo magetsi atazima pakati pa usiku, bedi linayamba kunjenjemera nafe. Windo likuyang'ana thanki ya madzi ndi mabini. Fungo la nsomba ndi mafuta ophikira. Neti ya udzudzu yoboola pawiri, shawa ya madzi ozizira okhaokha, fani yosazungulira. Mtengo wake? Womwewo wa chipinda choyang'ana kunyanja. Ndinafunsa ngati adzachotsera ndalama, mnyamata uja anati zimenezo n'za manijala. Chilichonse pa loji imeneyi n'cha manijala, koma manijalayo saoneka.

Tsopano ndinene zoona, chifukwa sindikufuna kuti mkwiyo undinamitse. Chimene chinatipulumutsa m'chipinda chimenecho ndi nyengo. Tikanakhala mmenemo mu Febuluwale kapena Malichi, kopanda fani, bwenzi titapsa. Koma mu Julayi usiku umazizira bwino, moti m'bandakucha ndinkakoka chitenje kufunda. Masana dzuwa limawala koma silimawotcha mopweteka, kutentha kumangoyandikira madigiri 30, ndipo chinyezi chija chomata thupi cha kugombe chimachepa. Kusi imachokera kum'mwera chakum'mawa, nyengo yomweyo imene mwera amavutitsa asodzi pa nyanja yathu. Mvula yaikulu ya Malichi mpaka Meyi imakhala itatha, misewu ya m'midzi itauma, udzudzu uli wochepa. Pamenepa otsatsa sananame. Mukafuna Zanzibar woti muyende wapansi tsiku lonse osakomoka, miyezi yake ndi Juni mpaka Seputembala, ndipo n'chifukwa chake aliyense amabwera nthawi yomweyo.

Munthu amene anasintha mtima wanga ndi amayi oyang'anira okonza m'zipinda, achikulire ndithu. Anamva nkhani yathu kukhitchini. Sanalankhule zambiri. Anabwera ndi neti yatsopano, ndowa ya madzi otentha m'mawa uliwonse, ndipo banja lina la ku Italy litanyamuka, iwo ndi amene anatenga kiyi n'kutisamutsira ku chipinda cha kutsogolo, risepushoni isanapeze mpata wochigulitsanso. Ankandiitana dada, kutanthauza mchemwali, ine ndinkawaitana mama, nkhani n'kutha. Chipindacho chinalidi ngati cha pachithunzi, dzuwa likutuluka m'nyanja uli chigonere. Koma theka la tchuthi linali litapita kale.

Wophika nayenso ndimupatsa ulemu wake. Pweza (nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu) wophika mu mkaka wa kokonati, pilau wonunkhira bwino, chapati zofewa, nsomba yowotcha ya tsiku lomwelo. Bambo akunyumba, amene amati chakudya chopanda nsima si chakudya, anadya mpaka kupempha china. Zakumwa zokha ndiye zodula mopanda chisoni. Botolo la madzi pa bala ndi mtengo wa mabotolo angapo pa golosale ya m'mudzi, imene ili pafupi pomwepo. Mukamalowa m'mudzimo, azimayi mangani chitenje ndi kuphimba mapewa. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, ndipo zimene alendo ena ankavala podutsa pa mzikiti zinkandichititsa manyazi ine amene sindinavale.

Chinthu chimodzi chimene loji sinena pa zotsatsa zake, ndipo kwa ife ozolowera Salima ndi Mangochi n'chofunika kudziwa: nyanja ya kugombe lakum'mawa imachoka. Kawiri pa tsiku madzi amabwerera kutali kwambiri mpaka ku miyala ya m'nyanja, n'kusiya mchenga wonyowa, timaiwe ndi tizilombo ta minga tobaya mapazi. Nthawi imeneyo kusambira kulibe. Amayi a m'mudzi ndi amene amalowa kukasamalira minda yawo ya ndere za m'nyanja, zomangirira pa zingwe ndi timitengo, ndipo kuwaonera kunandisangalatsa kuposa kusambira kumene. Koma ngati mwabwerera kusambira nthawi ina iliyonse, pitani ku Nungwi kapena ku Kendwa, kumpoto. Komanso mphepo ya masana imaulutsa mchenga, moti buku pagombe simungawerenge mwamtendere.

Maulendo amene loji imakonza ndi osakanikirana. Wa ku Stone Town unandikhumudwitsa. Wotiperekeza ankangothamanga, cholinga chake tikafike msanga pa shopu ya m'bale wake ya zosemasema. Pa tchalitchi cha Anglican, chimene chinamangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo wotsekedwa mu 1873, anatipatsa mphindi zochepa chabe, pamene mzere wolowera m'tizipinda ta pansi timene amati ankasungiramo akapolo unali wautali chifukwa cha kuchuluka kwa alendo. Ine pamenepo sindinkafuna kuthamangitsidwa. Anthu amene Jumbe ankawasonkhanitsa ku Nkhotakota n'kuwaolotsa nyanja kupita ku Kilwa, ena mwa iwo ankathera pamsika umenewu. M'tchalitchimo muli mtanda wosemedwa ku mtengo wa ku Chitambo, ku Zambia, umene pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone. Wotiperekezayo anangouloza ndi chala akuyang'ana wotchi. Ndinamuuza kuti apitirire ndi gulu, ife tipeza njira tokha, ndipo tinatero. Nyumba yotchuka ya House of Wonders tinangoionera kunja, chifukwa inatsekedwa, ndipo mbali yake ina inagwa mu Disembala 2020. Madzulo ku Forodhani, pamsika wa zakudya wa m'mphepete mwa nyanja, imwani madzi a nzimbe, koma nsomba za pa ndodo funsani mtengo musanaloze, chifukwa nyengo ino amatchula mtengo poyang'ana nkhope.

Ulendo umene unatikomera sunali wa loji n'komwe. Dalaivala wa takisi anatiuza kuti ku Makunduchi, kum'mwera kwa Jambiani, kuli Mwaka Kogwa, mwambo wolowa chaka chatsopano umene umachitika chakumapeto kwa Julayi. Amuna a mbali ziwiri za mudzi amakwapulana ndi mapesi a nthochi pabwalo, kuti zakukhosi zonse za chaka chatha zithere pomwepo, amayi akuzungulira ndi nyimbo atavala zowala. Kenako amatentha kanyumba ka masamba a kokonati, sing'anga n'kuona kumene utsi ukulowera kuti anene za chaka chikubwerachi. Fumbi, phokoso, kuseka. Bambo akunyumba anandinong'oneza kuti, "Mayi, mnyamata wanu wa pa risepushoni mukanabwera naye kuno." Phesi ndikanalipeza, sindikukana.

Pobwerera, kwerani boti la m'mawa. Nyengo ya kusi nyanja ya pakati pa Zanzibar ndi Dar es Salaam imawinduka kwambiri masana, ndipo timapepala ta pulasitiki timene amagawa m'botimo sagawira masewera. Matikiti gulani tsiku lisanafike, pa ofesi yeniyeni, osati kwa anyamata okuthamangirani pageti.

Nyenyezi ndinafuna kupereka imodzi. Ndapereka zitatu: imodzi ya amayi aja, imodzi ya wophika, yachitatu ya nyengo, imene loji sinaipange. Risepushoni ndi manijala alibepo gawo. Tisananyamuke, manijala analonjeza pa foni kuti atibwezera kusiyana kwa mtengo wa usiku umene tinagona kuseri kwa khitchini. Ndinamutumizira nambala ya akaunti, uthenga anauwerenga, chete. Ndinakumbutsa, chete. Sabata yatha wayankha tsopano: ndalama sangathe kubweza, koma akutipatsa mtengo wotsika tikadzabweranso mu Epulo kapena Meyi. Imeneyo ndi miyezi ya mvula yaikulu, pamene maloji ena ku Jambiani amatseka n'kutseka komwe.