JSTOR, Internet Archive ndi HathiTrust pofufuza mbiri ya Kabula

Amene akufufuza za mishoni ya Blantyre ya 1876, za Mandala kapena za John Chilembwe mu 1915 amathera pa malaibulale atatu awa a pa intaneti. Onse ali ndi kabokosi kolembamo mawu, koma zotuluka zake n'zosiyana kwambiri.

JSTOR ndi ya nkhani za akatswiri. Kwa ife chachikulu ndi Society of Malawi Journal, yomwe idayamba mu 1948 ndi dzina loti Nyasaland Journal. Mukatsegula akaunti yaulere mutha kuwerenga nkhani zingapo pamwezi, koma pa sikirini pokha. Kutsitsa PDF kawirikawiri kumafuna kulowa kudzera ku koleji yomwe ili ndi chilolezo, ndiye funsani kaye a laibulale kwanuko. Masamba amaoneka monga adasindikizidwira, manambala ake omwewo, choncho potchula gwero simusokera. Zaka zingapo zaposachedwa za magazini ambiri sizikhalamo.

Internet Archive ndiyo ya mabuku akale a amishonale ndi akuluakulu a boma la atsamunda. Omwe umwini wake udatha mumatsitsa athunthu popanda akaunti. Apa ambiri amaphonya chinthu chimodzi: kabokosiko kamangoyang'ana mitu ndi mayina a olemba, pokhapokha mutasankha "Search text contents" m'pamene kamalowa m'kati mwa mabuku. PDF ya buku lalikulu imadya bandulo, pomwe fayilo ya "Full Text" ndi yopepuka, imatsika ngakhale netiweki ikuvuta. Koma mawu ake adawerengedwa ndi makina, ndipo makinawo Chimang'anja chakale amachipotoza. Musakope chiganizo musanaone chithunzi cha tsambalo ndi maso anu.

HathiTrust imakhumudwitsa poyamba. Mabuku ambiri amene munthu ali ku America amawatsegula, ife kuno timangoona chizindikiro cha "Limited (search-only)". Musaitaye msanga. Lembani dzina limene mukufuna, monga "Kapeni", m'buku lotsekedwalo, ikuuzani masamba amene dzinalo likupezeka ndi kangati patsamba lililonse. Lembani manambalawo papepala, mupite nawo ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, ngati bukulo lilipo mungotsegula pomwepo m'malo mosanthula tsiku lonse. Pa ntchito imeneyi imaposa anzake awiriwo.

Vuto lowagwira onse atatu ndi mayina. Makina amafuna mawu monga adalembedwera nthawiyo. Mukalemba "Thyolo" mabuku a atsamunda sabwera, chifukwa iwo ankalemba Cholo. Mulanje ndi Mlanje, Mangochi ndi Fort Johnston, Nsanje ndi Port Herald. Dziko lenilenilo linali British Central Africa mpaka 1907, kenako Nyasaland mpaka 1964. Pa JSTOR lumikizani mayina ndi OR ya zilembo zazikulu, monga Cholo OR Thyolo, ndipo a mawu awiri muwaike m'zizindikiro zogwira mawu, "Port Herald", apo ayi mulandira nkhani za madoko a dziko lonse lapansi.

Makalata a abwanamkubwa simuwapeza pa atatuwa. Mndandanda wake uli pa Discovery, webusayiti yofufuzirapo ya National Archives ya ku Kew, ku London, pansi pa nambala ya CO 525. Mumaona mutu wa fayilo, chaka ndi nambala, koma mapepala ambiri sadajambulidwe, muyenera kuitanitsa kope molipira. Mafayilo a ma DC ndi a maofesi a boma a kuno ali ku National Archives ku Zomba, ndipo kumeneko n'kokwera minibasi pa Limbe.