Galaja ya ku Biwi ku Lilongwe yomwe inaletsa Sienta yanga kudontha oyilo: nyenyezi 4 pa 5

Ndadikira miyezi itatu ndisanalembe ndemangayi, chifukwa ntchito ya makaniko sungaiyamikire tsiku lomwe galimoto yatuluka m'galaja. Tsiku limenelo zonse zimaoneka bwino, injini ili mbee. Pano ndayenda makilomita oposa 4,000, maulendo awiri a ku Dedza ndi umodzi wa ku Salima ali momwemo, ndiye ndikhoza kulankhula.

Galimoto yanga ndi Toyota Sienta ya 2008, ya injini ija ya 1NZ-FE yomwe ilinso mu Probox, Fielder ndi IST. Inalowera pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam monga zinzake zambiri, ndipo ine ndine mwini wake wachiwiri kuno kumudzi. Yadutsa makilomita 190,000. Ndi yomwe imaperekeza ana kusukulu, ndi yomwenso imandinyamulira mabelo a kaunjika. Anthu pamsewu amaiimitsa poyesa ndi takisi, ndinazolowera.

Vuto linayamba ndi fungo. Ndikaima pamdipiti wa magalimoto ku Old Town masana, m'kati mumalowa kafungo ka chinthu chopserera. Ndinkati ndi minibasi ya kutsogolo. Kenako tsiku lina m'mawa alandilodi anandikodola: "Mayi, tabwerani muone zomwe galimoto yanuyi ikuchita pa simenti yangayi." Madontho akuda bii, ena akale, ena a usiku womwewo. Nditasolola dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo, oyilo anali atatsikira pafupi ndi chizindikiro cha m'munsi. Kuyambira pamenepo ndinkathira theka la lita milungu iwiri iliyonse. Getsi la oyilo pa dashibodi silinayakepo, ndipo ine ndinkadzitonthoza nazo zimenezo, osadziwa kuti getsi limene lija siliyeza kuchuluka kwa oyilo. Limayaka mphamvu yomukankha ikagwa, ndipo pofika apo injini imakhala itayamba kale kudyana.

Malangizo sanasowe. Mlamu wanga anati ndithire oyilo wokhuthala wa 20W-50 kuti azilephera kudutsa pobooka. Wina kutchalitchi anati pali kabotolo ka mankhwala kothira mu injini, kudontha kumatha pompo. Galaja yoyamba yomwe ndinapitako, ya geti lopentedwa bwino ndi anyamata a maovolosi ofanana, makaniko anagwada, kuunika kunsi ndi tochi ya pafoni, osakwana mphindi ziwiri n'kudzuka. Oyilo anali atanyowetsa pomwe injini yalumikizana ndi giyabokosi, ndiye chigamulo chinali choti yatha ndi sili ya kumbuyo kwa kirankishafiti, labala wotchinga oyilo kuti asatuluke pamenepo. Kuti aifikire ayenera kutsitsa giyabokosi yonse. Masiku atatu, K480,000. Ndinati ndikaganize kaye. Zoona zake n'zoti ndalamayo ndinalibe.

Yemwe anandilozera ku Biwi ndi dalaivala wa takisi, wa Sienta ngati yangayi, tili pamzere wa mafuta. Malo ake sangakukopeni. Mpanda wa malata, dzenje limodzi, mabwinja a magalimoto atatu omwe udzu unamera m'mateyala. Eni ake ndi bambo achikulire, olankhula pang'onopang'ono, aliyense amangowaitana kuti madala. Ali ndi makaniko wina mmodzi ndi kamnyamata kophunzira ntchito.

Tsiku loyamba sanagwire sipana. Anandifunsa kuti fungolo limamveka nthawi yanji, sevisi yomaliza inachitika liti, ndimathira oyilo wanji. Kenako anandipatsa katoni yophwasula kuti ndikayale kunsi kwa galimoto usiku, ndilembe ndi cholembera mbali yakutsogolo, ndibwere nayo mawa lake. Ndinakwiya pang'ono mumtima, ndawotcha petulo kuchoka ku Area 25 kudzalandira katoni. Koma ndinachita. M'mawa panali madontho a magulu awiri: ena chapakati, lina limodzi lalikulu payekha. Madala anapaka chala, kununkhiza, n'kunena kuti onsewo ndi oyilo wa injini, si wa giyabokosi, si wa mabuleki, si madzi a mu radiyeta.

Apa ndi pomwe ndalama yanga inagwira ntchito. Anati sangandiuze chomwe chawonongeka injini ili yakuda chomwecho, chifukwa fumbi la Lilongwe likasakanikirana ndi oyilo paliponse pamaoneka ngati pakudontha. Kamnyamata kanakuta olitaneta ndi mawaya ndi majumbo, n'kutsuka injini yonse ndi parafini ndi bulashi, pamwamba ndi kunsi komwe, kenako madzi. Inauma padzuwa. Ndiye madala anatulutsa mawu omwe ndinayesa nthabwala: "Mayi, tumani mwanayu akagule paudala wa ana pa okala apo." Anawaza paudala uja m'mbali mwa injini, kumbuyo, m'munsi, mpaka inayera ngati mwana wosamba kumene. Analiza injini kwa mphindi ngati 20, kenako tinazungulira nayo mpaka ku Mchesi n'kubwerera.

Titatsegula boneti anandipatsa kagalasi koonera kumbuyo ka njinga yamoto, iwo akuunika. Mu paudala woyera uja munali kamzere kakuda, kowonda ngati ulusi, koyambira pamwamba penipeni, pakona ya kumbuyo kwa chivundikiro cha injini. Kanatsetsereka mpaka pa paipi ya ekizozi, yomwe pa injini imeneyi ili kumbuyo, mbali ya dashibodi. Fungo lija linkachokera pamenepo. Kamzere kena kanapitirira kutsika mpaka kukafika pomwe makaniko woyamba uja anaunika ndi foni yake. Sili ya kumbuyo ija si yomwe inkadontha.

"Denga la udzu likamadontha," anatero madala, "pomwe mwaika beseni si pomwe pali bowo. Madzi amayenda ndi phaso kaye." Dontho lalikulu lija la payekha linali nkhani ina: wachala wa pa bawuti yotsitsira oyilo pa sampu, beseni la oyilo la kunsi kwa injini, anali ataphwatalala. Amafunika watsopano nthawi iliyonse yomwe oyilo wasinthidwa, koma onse omwe ankandichitira sevisi ankangobwezera yemweyo n'kumanga mwamphamvu.

Atachotsa makoyilo anayi n'kutsegula chivundikiro, gasiketi yomwe imayenera kukhala labala wofewa inathyoka m'manja mwawo ngati bisiketi. Ukalamba ndi kutentha basi, palibe wolakwa. M'dzenje la pulagi imodzi munali oyilo, ndipo anati ndikanachedwa galimoto ikanayamba kutsokomola pokwera mtunda. Chomwe chinawanyansa ndi silikoni wofiira yemwe wina, ine ndisanaigule, anamata mozungulira ngati akumata mphika. Anandionetsa zidutswa zomwe zinali lendelende m'kati. Zimenezo zikagwera mu sampu zimakatseka sefa yomwe pampu imakokera oyilo, ndipo injini ikhoza kufa oyilo ali wodzaza.

Chinthu china chomwe sindikanachidziwa ndi kavalavu kakang'ono ka pa chivundikirocho, kotchedwa PCV. Anakamasula n'kukagwedeza pakhutu langa. Zii. Kabwinobwino kamalira ngati kachitsulo m'chitini. Ntchito yake n'kutulutsa mpweya womwe umaunjikana m'kati mwa injini, ndipo kakatsekeka mpweyawo umafuna potulukira, n'kumakankha oyilo pa gasiketi ndi masili. Anati kuika gasiketi yatsopano osasintha kameneka n'kungogula miyezi yochepa.

Za malangizo a mlamu wanga anangoseka. Oyilo wokhuthala amachepetsa madontho, inde, koma injini ya VVT-i ngati yangayi ili ndi tinjira ta oyilo tating'ono kwambiri, ndipo m'mawa kukuzizira oyilo wotere amachedwa kufika pamwamba. Anati ndikhale pa 5W-30 kapena 10W-30. Za kabotolo kaja anati kamafufumitsa labala, koma labala yemwe wauma mpaka kusweka sangafufume.

Ndinakonda kuti sipeya sanandigulire okha. Anandipatsa gasiketi yakaleyo m'jumbo ndi nambala ya injini papepala, ndikagule ndekha m'mashopu a pafupi, kamnyamata kakundiperekeza. Kunali ya mitundu iwiri, ina yotsika mtengo kwambiri. Kamnyamata kanaipinda, kuinunkhiza, n'kupukusa mutu, ndiye ndinatenga yodulayo. Pomanga ndinaima pompo. Anapala bwinobwino silikoni wakale, kupukuta, n'kudontheza watsopano pang'ono, ngati njere ya chimanga, pamalo awiri okha pomwe chivundikiro cha tcheni chakumana ndi mutu wa injini. Mabawuti anamanga mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, ndi kasipana kakang'ono. Kamnyamata katafuna kukoka ndi mphamvu anakamenya padzanja. Mabawuti amenewo ndi oonda, sachedwa kuduka.

Ndalama zinayenda motere. Gasiketi K38,000, kavalavu K15,000, wachala K1,500, kutsuka injini K8,000, ntchito ya manja K35,000. Zonse K97,500. Oyilo ndi fyuluta zinandidya K72,000, koma sevisi inali itakwana kale, ndiye sindikuwerengera pa vutoli. Injiniyi imalowa malita 3.7 ukasintha ndi fyuluta yomwe, choncho pa chigubu cha malita 5 panatsala wina yemwe anandibwezera osapempha. Mitengoyi musaigwire ngati lemba. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa sipeya umasintha ukadali pakhomo la shopu.

Tsopano zomwe zawachotsera nyenyezi imodzi, ndipo ndinawauza pamaso. Nthawi sasunga. Tinapangana 8 koloko, galimoto yanga inayamba kugwiridwa cha m'ma 11 chifukwa panabwera minibasi ya mnzawo yomwe akuti inali ya changu. Tsiku lonse la bizinesi linapita. Pokhala ndi mpando wakale wa minibasi pansi pa mtengo wa mango, ndipo za chimbudzi, amayi anzanga, konzekeranitu kunyumba. Lisiti kulibe, amalemba m'kope lawo lachikuto cholimba, inu n'kujambula ndi foni. Chiwongolero ndi mpando ndinazipeza zili ndi zala zakuda, nsalu yanga yoyera inalawa.

Chachikulu n'choti madzulo omwewo, nditaima pa mphambano, injini inayamba kunjenjemera ngati izima. Mtima unagunda. Ndinaimba foni, madala anayankha ulendo woyamba, n'kundifunsa ngati ndikumva kamluzu pansi pa boneti. Kanalipo. Anati ndibwere m'mawa. Kapaipi ka pa kavalavu katsopano kaja sikanalowe mpaka kumapeto, ndiye injini inkakoka mpweya wapambali. Anakakankha, kumanga ndi kilipi, mphindi zisanu. Sananamizire kamnyamata, anati iwo ndi amene sanayang'ane komaliza, ndipo anapepesa. Sanandilipiritse, komabe petulo wa ulendo wachitatuwo anali wanga.

Pali chinthu chimodzi chomwe anakana kukonza ngakhale ndinali wokonzeka kulipira. M'mbali mwa chivundikiro cha tcheni, kumbali ya malamba, paudala anada pang'ono. Injiniyi imayendera tcheni, osati lamba wa taimingi, ndipo chivundikiro chimenecho chilibe gasiketi, chimamatidwa ndi silikoni kuchokera kufakitale. Madala anati limenelo ndi thukuta chabe, silidontha pansi, ndipo kuti amatenso ayenera kumasula zinthu zambiri mbali yonseyo. "Ndalamayo kagulireni ana yunifolomu. Tidzapanga tsiku lomwe tidzatsegule mbali imeneyo pa chifukwa china." Anandiuza kuti ndizipukuta pamenepo kamodzi pamwezi ndi kuona ngati pakukula. Mpaka lero sipanakule.

Ngati muli ndi galimoto yakale ya ku Japan ndipo mukhoza kupirira kudikira, pitani, koma pitani tsiku lomwe mulibe pena pothamangira, mutenge madzi akumwa ndi chitenje choyala pampando. Ngati galimoto yanu ili ndi vuto la kompyuta kapena mawaya, iwo eni amanena kuti si mbali yawo, amakutumizani kwina.

Loweruka lililonse m'mawa, injini isanalire, ndimasolola dipisitiki galimoto ili pamalo osapendekeka. Oyilo akadali pomwe anamusiya, sindinathiremo ngakhale kapu imodzi. Fungo linatha patapita masiku awiri, oyilo wotsalira pa ekizozi atapsa. Katoni ija ndinaiyalanso sabata yatha, inadzuka youma. Chomwe chakanika ndi simenti ya alandilodi. Ndayesa phulusa, mchenga, sopo waufa ndi madzi otentha, banga likadalipo, ndipo iwo amaliyang'anabe akamadutsa.