Ndemanga: amakanika a ku Luwinga amene anandimangira jenereta pa injini

Ndili ndi shedi yopalira matabwa ku Chibavi, ndipo ambiri mwa matabwa anga ndi a paini ochokera ku Chikangawa. Magetsi akathima makina onse amangoti zii, anyamata n'kukhala pansi. N'chifukwa chake ndinagula alternator (makina opanga magetsi) ya 10 kW ndi injini ya dizilo ya silinda imodzi, zija za ku China zimene zimayendetsa zigayo. Kugula sikunavute, koma kuzilumikiza.

Poyamba ntchitoyi ndinapatsa mnyamata wina wotchipa. Anakhomera zonse ziwiri pa mitanda ya matabwa, malamba n'kungowayeza ndi maso. Sabata isanathe malamba anayamba kununkha labala wopsa, mababu akuphethira, ndipo tsiku lina lamba linaduka n'kukwapula khoma pafupi ndi mutu wa mwana wa mlongo wanga amene amandithandiza ntchito. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Bambo amene ndikuwayamikira pano ali ndi galaja ku Luwinga. Atafika sanagwire sipanala. Anayamba awerenga kachitsulo kolembedwa kamene kali pa makina onse awiri, kenako anati, "Achimwene, injini yanuyi imazungulira ka 2200 pa mphindi, pomwe alternator ikufuna 1500 kuti itulutse magetsi oyenera a 50 Hz. Mapulewa ndi olakwika." Anandifotokozera kuti pule (gudumu loyendapo lamba) ya alternator iyenera kukula pafupifupi kamodzi ndi theka poyerekeza ndi ya injini. Mnyamata uja anaika zofanana, ndiye ankangochepetsa moto wa injini mpaka inkalephera kukoka makina opalira.

Pansi anathira konkire yokhuthala, mabawuti ataimikiratu m'katimo, ndipo anakana kuikapo kanthu mpaka patatha sabata. Ine mtima unali m'mwamba chifukwa maoda a zitseko anali atandiunjikira, koma sanasunthike. Felemu anawotcherera ya zitsulo zochindikala, imodzi yonyamula zonse ziwiri, mbali ya alternator ataboola mabowo aatali oti izitha kusendezedwa pokoka malamba.

Chimene chinandigwira mtima ndi kuleza kwawo powongola mapule. Anatha masana onse pa chinthu chimodzichi. Ankagoneka chitsulo chowongoka pa nkhope za mapule awiriwo, n'kumayang'ana ngati chikukhudza malo anayi onse popanda mpata. Phazi limodzi la alternator linkalendewera pang'ono, mpata wake wongolowa pepala. Ine ndinati angomanga bawuti mwamphamvu lifika lokha. Anakana, amvekere kukakamiza phazi kumapotoza thupi la makina, ndipo amene amalipira ndi mabelingi. Anadula timalata topyapyala n'kulowetsa pansi pake, kuyezanso, kumasula, kuwonjezera kena, mpaka zinakhala. Malamba onse atatu anagula atsopano a saizi imodzi, chifukwa ukasakaniza lakale ndi latsopano katundu yense amagwera lamba limodzi lokha. Pokoka anandionetsa kudina ndi chala pakati: lizilowa pang'ono chabe, osati kuuma ngati waya.

Kenako anaphimba malamba ndi flywheel (gudumu lolemera la injini) ndi chotchinga cha waya wa sefa, anakhoma ndodo ya earth (yopititsa m'nthaka magetsi otayika) pansi, paipi ya utsi n'kuitulutsira kunja kwa khoma. Anaumiriranso kuti wamagetsi wa ziphaso aike changeover switch (swichi yolekanitsa magetsi a jenereta ndi a mumsewu), kuopa kuti moto wa jenereta ungabwerere m'mawaya a mumsewu n'kupha munthu amene akukonza pa pholo. Zimenezi ndinali ndisanaziganizepo n'komwe, ndipo ndimachita mantha ndikakumbuka mmene tinkalumikizira kale.

Papita miyezi 7 tsopano. Mita imakhazikika pa 230 V, makina opalira akamaluma thabwa lonyowa imangotsika pang'ono n'kubwerera. Kunjenjemera kwa makina kwatha, lamba silinadukepo. Loweruka lililonse ndimayendera mabawuti ndi sipanala monga anandilangizira, ndipo ndinapezapo limodzi lokha lomasuka, mwezi woyamba.

Zodandaula zilipo ziwiri. Analonjeza kubwera Lolemba koma anafika Lachinayi, foni osayankha, ndipo kwa munthu wa bizinesi masiku atatu ndi ambiri. Chachiwiri, felemu ndi chotchinga sanazipake penti, ndiye ndi mvula ya kuno ku Mzuzu dzimbiri layamba kale m'makona. Mtengo wawo ndi wokwererapo, koma pamenepo sindikudandaula. Ndikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5, ndipo mwezi wamawa ndiwaitananso adzaone mabelingi, penti nditagula ndekha.