Ndata, Chichiri, Nguludi kapena Bunda: wofuna za bizinesi alowere kuti?

Zotsatira za MSCE zitangotuluka, malume anga anagamula nkhani asanakhale n'komwe pansi. "Iwe upita pa Ndata pompa, tizikuyendera Loweruka ndi kathumba ka ufa." Kwa iwo zinathera pomwepo, poti yunivesite ya MUST ya pa Ndatapo ili ku Thyolo ndipo ife tili pa Chitakale. Koma ine mtima uli pa bizinesi, ndipo nditayamba kudzaza fomu ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite ndi m'makoleji, ndinaona kuti kufupika kwa ulendo sikukundiuza chomwe ndikaphunzire. Ndakhala ndikufunsa achimwene ndi achemwali omwe anatitsogolera, ndipo izi ndi zomwe ndatola. Mwina zithandiza anzanga a ku Luchenza, Limbuli ndi Bvumbwe omwe mutu ukuwazungulira ngati ine.

Ndiyambe ndi MUST ya malumeyo. Inayamba kuphunzitsa mu 2014, ili kufupi ndi Goliati, ndipo nyumba zake ukaziona umangofuna utalowamo. Koma ndi sukulu ya sayansi: uinjiniya, zanyengo, za miyala ya pansi pa nthaka, zaumoyo. Chomwe chimayandikira bizinesi kumeneko ndi Business Information Technology, maphunziro a makompyuta ogwiritsa ntchito m'makampani. Ngati kompyuta imakukoka ndipo masamu sakuopsa, lemba osakayika, chifukwa mabanki, Airtel Money ndi Mpamba zimayenda ndi anthu otere. Koma ngati umalota kusunga mabuku a ndalama kapena kuyendetsa kampani yako, usaike MUST pamwamba chabe chifukwa amayi azikutumizira ndiwo.

Mwini wake wa maphunziro a bizinesi ndi MUBAS, imene makolo athu amaitchulabe kuti Poly. Inapatukana ndi UNIMA mu 2021, ndipo ili pa Chichiri m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere. Accountancy ndi Business Administration ndi maphunziro omwe akhala akuchitika pamenepo kuyambira kalekale, moti ukalowa m'maofesi a ndalama ku Blantyre supita patali usanakumane ndi munthu wa pa Poly. Mphamvu yake ina ili kunja kwa mpanda. Likulu la National Bank, la NBS, la MRA pa Msonkho House, msika wa masheya, zonsezi zili mumzinda womwewo. Ngakhale tiyi wathu wa kuno amakagulitsidwa pa okushoni ku Limbe. Ikafika nthawi yofuna malo ophunzirira ntchito, wa ku MUBAS amangoyenda wapansi ndi kalata yake m'manja, pomwe wina akudikira yankho pa foni.

Zovuta zake ndi ziwiri. Choyamba, aliyense amafuna komweko, ndiye mapointi ako akhale ochepa ndithu ndipo masamu ndi Chingelezi zikhale zokhoza bwino. Chachiwiri ndi moyo wa m'tauni. Malo ogona pasukulu sakwanira onse, ndiye ambiri amachita lendi ku Chitawira, Zingwangwa kapena Ndirande. Kuno kwathu nthochi ndi mapeyala umangothyola kuseri kwa nyumba. Kumeneko ngakhale tomato mmodzi amafuna ndalama. Ngongole ya Loans Board imathandiza ukaipeza, koma ndi ngongole, udzabweza ukayamba ntchito.

UNIMA ku Zomba ndingoidutsa mwachangu. Economics ya pa Chanco ndi yolemekezeka, koma imakuphunzitsa mmene chuma cha dziko chimayendera: chifukwa chake kwacha imagwa, chifukwa chake mitengo ya zinthu imakwera. Ndi njira ya ku Reserve Bank kapena ku unduna, osati ya munthu wofuna kutsegula fakitale yake.

Ndiye pali Catholic University pa Nguludi, ku Chiradzulu, yomwe inatsegulidwa mu 2006. Ife a ku Mulanje timadutsa pa mphambano yake nthawi zonse tikamapita ku Limbe kudzera msewu wa Midima. Accountancy ndi Business Administration ziliko, malo ake ndi abata, ndipo umalembera kusukulu komweko osadikira chisankho cha boma. Nkhani ndi fizi, poti si ya boma. Banja lokolola tiyi pa kamunda ka ekala imodzi liyenera kuwerengetsa zaka 4 zonse lisanalonjeze, osati teremu yoyamba yokha. Ndipo pa nkhani ya makoleji omwe si aboma ndichenjeze: msuweni wanga anathera zaka ziwiri pa koleji ina m'tauni, amayi ake atagulitsa mbuzi zonse, kenako n'kumva kuti maphunziro akewo sanavomerezedwe ndi NCHE. Musanapereke tambala iliyonse, onani mndandanda wa NCHE, ndipo muone dzina la kosi yeniyeniyo, osati la sukulu lokha.

Njira ina yomwe aphunzitsi athu sankaitchula kawirikawiri ndi ya mayeso a ICAM, bungwe la maakauntanti m'Malawi muno. Umalowa pa Malawi College of Accountancy kapena koleji ina yophunzitsa mayesowa, n'kumakwera pang'onopang'ono: satifiketi, dipuloma, mpaka kudzakhala akauntanti wovomerezeka. Ubwino wake ndi woti ukhoza kumagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti uku ukulemba mayeso. Komanso dziwani kuti ngakhale wa digiri ya ku MUBAS amayenerabe kulemba mayeso a ICAM kapena a ACCA, bungwe la maakauntanti la ku Britain, kuti atchedwe chartered. Kuipa kwake, palibe wokuthamangitsa. Ukakhala waulesi mayeso amodzi omwewo udzabwereza mpaka imvi.

Ndasungira kumapeto yomwe yandisowetsa tulo: LUANAR, yunivesite ya zaulimi ya ku Bunda. Kumeneko kuli Agribusiness Management ndi Agricultural Economics. Poyamba ndinaiseka. Kuchoka ku mudzi wa alimi n'kupita kukaphunziranso za ulimi?

Chinandisintha maganizo ndi chinanazi cha amayi. Nyengo yake ikafika chimapsa chonse nthawi imodzi, m'munda mwathu, mwa aneba, mpaka ku Muloza. Amayi amachiunjika m'mbali mwa msewu m'mawa, chikununkhira bwino. Pofika masana lole ya mavenda a ku Limbe imaima, mnyamata amatsika, amagogoda chimodzi ndi chala, n'kutchula mtengo wake. Amayi amakana. Iye amangoloza milu ina khumi yomwe yandanda kutsogoloko. Amayi amayang'ana dzuwa, amayang'ana ntchentche zomwe zayamba kuzungulira zapansi, n'kuvomera. Chinanazi chomwecho ndinachipeza ku Blantyre chitadulidwa m'zidutswa, kachidutswa kamodzi pafupifupi mtengo womwe amayi analandira pa chathunthu. N'chimodzimodzi ndi tiyi wa alimi ang'onoang'ono: umathyola, umanyamula dengu kupita pa sikelo, koma mtengo wa kilogalamu unakambidwa kale kwina iwe kulibe. Ku Thyolo anthu amakumbukira mmene matenda a chisaka anathera nthochi, mabanja odalira mbewu imodzi n'kutsala manja ali m'khosi.

Apa ndi pomwe pali bizinesi ya kwathu: kusunga zokolola kuti zisaole, kuzisandutsa juwisi kapena zouma, kumanga makopaletivu oti azitha kukana mtengo wa venda, kupeza misika ya makadamiya ndi mapeyala. MUBAS ingandiphunzitse kusunga mabuku a kampani ya wina bwino lomwe. Bunda ikuoneka kuti ingandiphunzitse chifukwa chake amayi amaluza pamsewu paja. Kuipa kwake ndi mtunda. Lilongwe ndi ulendo wa tsiku lathunthu, kenako ulowere msewu wa ku Mitundu, ndiye kubwera kumaliro kapena ukadwala si nkhani yapafupi. Komanso ntchito za mu ofesi zolembedwa kuti "akauntanti" zimapezeka m'nyuzipepala kawirikawiri kuposa za agribusiness; wa ku Bunda nthawi zambiri amadalira mabungwe, maesiteti, kapena kudziyambira yekha, ndipo kudziyambira kumafuna mpamba umene digiri sipereka.

Pa fomu ndaika Agribusiness ya ku Bunda poyamba, Accountancy ya MUBAS kachiwiri, Business Information Technology ya pa Ndata kachitatu. Zikakanika zonse ndiyamba ICAM ndikugwira ganyu. Malume sanakhutirebe. Dzulo anandifunsa ngati kondakitala wa basi ya ku Lilongwe amalipiritsa thumba la ufa payekha, ndipo nditati eya, anapukusa mutu n'kubwerera kumunda.