Kabatani kotsekera maiki: dzanja lakazolowera, koma nyale yake njabodza

Sabata yatha doko la USB la kabatani kanga kotsekera maiki pa misonkhano ya pa intaneti linazuka n'kutsalira kunsonga kwa chingwe. Ndiye ndati ndinene mmene kayendera chikapangireni chaka chatha, poti ena mwa inu mukuganiza zopanga kanu.

Ndi kabokosi ka pulasitiki, pamwamba pali batani lalikulu ndi kanyale ka LED, m'kati muli kabodi kakang'ono ka zamagetsi ka mtundu wa Pro Micro kokhala ndi chipu ya ATmega32U4. Chipu imeneyi imatha yokha za USB, motero kompyuta imaiona ngati kiyibodi wamba. Ukadina, imatumiza makiyi otsekera kapena kutsegulira maiki: Alt+A pa Zoom, Ctrl+D pa Google Meet, kapena Ctrl+Shift+M pa Teams. Posintha pulogalamu ndimangokanikiza batani kwa kanthawi.

Batani lenilenilo silinafooke. Laputopu yakuntchito, imene a IT anaitseka kuti tisamaikepo zathu, inakalandira osafunsa kanthu. Tambala wa aneba ndi njinga za kabaza sizidziwa kuti munthu ali pa msonkhano, ndiye kungomenya ndi chikhatho osasakasaka pa sikirini kwandithandiza kwambiri.

Chimene chandisautsa miyezi yonseyi n'chakuti kabataniko kamatumiza mawu koma sikalandira yankho. Sikadziwa ngati maiki atsekadi. Kamangowerenga kokha kuti ndadina, ndiye nyale ifiire, ndadinanso, izime. Wochititsa msonkhano akatseka maiki a anthu onse, kapena ndikadina ndi mausi, mawerengedwe aja amasokonekera ndipo nyale imayamba kunama. Umalongosola lipoti ndi mtima wonse, kenako wina n'kuti, "Achimwene, milomo yokha ikuyenda." Zimenezo n'zoseketsa chabe. Zoopsa ndi pamene nyale yafiira koma maiki ali pululu. Anzanga akuntchito anamva bwinobwino ine ndi mayi a kunyumba tikuwerengera ndalama ya makala.

Pa Meet pali chinanso. Ctrl+D imapita ku windo iliyonse imene ili kutsogolo. Tsiku lina tinkakambirana bajeti, ine nditatsegula Excel, mwana n'kuyamba kulira. Ndinamenya batani, nyale inafiira, ndinamukalipira pang'ono mwanayo, onse akumva. Pamene ndimabwerera, nambala ya mafuta inali itasintha. Mu Excel, Ctrl+D imakopera zimene zili m'selo ya pamwamba n'kuziika mu imene wasankha, ndiye mafuta anatenga ndalama ya lendi. Mwayi wake ndinaona msanga, Ctrl+Z inakonza. Dziwaninso kuti mu File Explorer ya Windows makiyi omwewo amataya fayilo ku Recycle Bin. Zoom ilibe vuto limeneli ukangochonga Enable Global Shortcut pa makonzedwe a kiyibodi, chifukwa imamva ngakhale ili kumbuyo. Usiku umenewo ndinakaponya m'dirowa kabataniko. M'mawa dzanja linkangomenya patebulo popanda kanthu, ndinakatulutsanso.

Za doko lija. Kabodi ndinagula kwa mnyamata wina amene amaitanitsa zamagetsi kunja n'kumatsatsa pa WhatsApp. Anandilumbirira kuti ndi orijino, koma ndi kokopera, ndipo doko lake la micro-USB anangolimata pamwamba ndi mtovu wochepa. Kuzula ndi kulowetsa chingwe tsiku lililonse, makamaka magetsi akazima n'kumasamukira kwina ndi laputopu, kunaligwedeza mpaka linatenga ndi timizere ta kopa tomwe. Nditamutumizira chithunzi anayankha mwaulemu ndithu: "Bwana, mwakoka chingwe ndinu, katundu akatuluka sabwerera." Kenako anati ali ndi kena ka USB-C, pamtengo pafupifupi kuwirikiza kawiri, poti dola yasowa.

Ndinapita nako kwa mmisiri wokonza mafoni pamsika. Anakanda mizere ija ndi lumo, analumikiza ndi timawaya towonda ngati tsitsi, n'kuthira guluu wolimba wotchedwa epoxy mozungulira doko. Kakugwira ntchito, ndipo kalimba kuposa kale. Epoxy ameneyu thirani tsiku lomwe mwagula kabodi, musadikire kuti doko lizuke.

Ndikaphatikiza kabodi, batani, chingwe ndi mmisiri, ndawononga ndalama yogulira kiyibodi yonse yatsopano, pofuna ntchito imene zala ziwiri zimachita ulele. Ndikakumbukira zimenezo mtima umawawa. Komabe sindingabwerere kosaka kachizindikiro ka maiki tambala atayamba kale. Kakadzafanso ndidzayesa bodi ina yotchedwa Raspberry Pi Pico, imene inatuluka mu 2021 pamtengo wa $4. Ukaikamo pulogalamu ya CircuitPython imaoneka pa kompyuta ngati fulashi, umangosintha fayilo ya code.py basi. Nyale sindidzaikaponso. Mnyamata uja akuti Pico ali nayonso, koma ndamuuza kuti achotsepo kaye ndalama imene ndinalipira mmisiri. Uthengawo anawerenga Lachiwiri, mpaka lero sanayankhe.