Digital Wellbeing ya pa Android: imadziwa kuwerenga mphindi, koma khosi lanu siiliona

Mafoni ambiri a Android amabwera ndi Digital Wellbeing, ngakhale eni ake ambiri sanaitsegulepo. Google inaitulutsa mu 2018 pamodzi ndi Android 9, chaka chomwe Apple inaika Screen Time, inzake ya pa iPhone, mu iOS 12. Imapezeka mu Settings, pa Digital Wellbeing & parental controls. Samsung ili ndi yakeyake yofanana nayo, choncho mayina a mabatani angasiyane pang'ono. Cholinga chake n'chakuti munthu azitha kuika foni pansi, ndipo zigawo zake sizikwanitsa ntchito imeneyi mofanana.

Pa kuwerenga mphindi siphonya. Imakuonetsani mphindi zimene mwathera pa pulogalamu iliyonse, kangati mwatsegula foni, ndi zidziwitso zingati zalowa. Anthu ambiri amathamangira kuona maola onse pamodzi n'kudzidzimuka, koma nambala imeneyi imasocheretsa, chifukwa ola lowerenga kalata ya kuntchito imaliwerenga mofanana ndi ola loonera timavidiyo. Yothandiza ndi nambala ya kutsegula foni. Munthu amene amakhala maso maola 16 n'kutsegula foni ka 96, ndiye kuti sipadutsa mphindi 10 asanaigwire, ndipo palibe ntchito kapena macheza amene angayende bwino motero. Sabata yoyamba musasinthe kalikonse. Ingoonani mapulogalamu atatu amene ali pamwamba, ndi nthawi imene mumawatsegula kwambiri.

App timers ndiye gawo lotchuka, komanso lofooka. Mumalowa mu Dashboard, tsamba limene limaonetsa manambala aja, kusankha pulogalamu, n'kuipatsa mphindi zake za tsikulo. Zikatha, kachizindikiro kake kamatuwa ndipo siitsegukanso. Vuto n'lakuti ndi loko amene kiyi wake ali pomwepo: palibe nambala yachinsinsi, moti aliyense amene waika malire akhoza kuwachotsa m'masekondi ochepa. Mukatseka pulogalamu ya Facebook kapena YouTube, tsamba lake limatsegukabe mu Chrome, pokhapokha mutalola Dashboard kuonetsa masamba amene mumapitako n'kuwaikiranso malire. Choipitsitsa n'chakuti mphindi zimayambiranso 12 koloko usiku. Munthu wovutika kugona, amene amafunikira malirewo kuposa wina aliyense, amapatsidwa mphindi zatsopano pa nthawi yeniyeni imene anayenera kukhala m'tulo. Apa iPhone ili patsogolo, chifukwa Screen Time imalola nambala yachinsinsi ya manambala 4, imene mungapemphe munthu wina kuti akuikireni.

Ngati mukufunabe malirewa, musadule kwambiri. Wochoka pa maola atatu kupita pa mphindi 30 amawachotsa lisanathe tsiku lachiwiri. Chotsani mphindi 30 kapena 45 pa zimene Dashboard yaonetsa, mukhale nazo sabata yathunthu, kenako mudulenso.

Chimene chikutipangitsa kuivomereza pulogalamuyi ndi Bedtime mode. Mumaika nthawi yogona ndi yodzuka, ndipo nthawiyo ikakwana sikirini imataya mitundu n'kutsala yotuwa, zidziwitso zimakhala chete, koma alamu imalirabe. Kutuwako kumagwira ntchito kuposa momwe munthu angaganizire, chifukwa zithunzi ndi mavidiyo zopanda mitundu sizikoka maso. Iyambe ola lathunthu musanagone, osati pa nthawi yogona yeniyeniyo. Mu Do Not Disturb, gawo limene limakhalitsa foni chete, lolani kuti anthu ofunika amene mwawaika chizindikiro cha nyenyezi pa mayina awo azitha kukuimbirani, komanso aliyense woimba kawiri m'mphindi 15. Ambiri amaiwala zimenezi, amaphonya foni yofunika usiku umodzi, n'kuzimitsiratu zonse. Ndipo chaja chikhale kutali ndi bedi, pomwe dzanja silingafike mutagona. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo, ndipo foni ya pansi pa pilo ndiyo imawadya.

Night Light, imene imapangitsa sikirini kuoneka yachikasu, musaidalire. Kafukufuku wa ku Brigham Young University wa 2021 anayesa Night Shift, yomwe ndi inzake ya pa iPhone, ndipo sanapeze kuti imathandiza tulo. Chimene chimasowetsa tulo si kuwala kokha, komanso nkhani imene mukuwerenga.

Focus mode ndi yabwino pa nthawi ya chakudya, ya misonkhano kapena ya kuwerenga. Mumasankha mapulogalamu osokoneza, iwo amaima pamodzi ndi zidziwitso zawo, pomwe foni ikulirabe ngati wina waimba. Ili ndi batani lopumira mphindi 5, 15 kapena 30, lomwe ndi losavuta kulizolowera.

Tsopano za thupi, pomwe dzina loti Wellbeing likulonjeza zoposa zimene lingathe. Pulogalamuyi siidziwa momwe mwakhalira. Mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 5. Dokotala wa msana Kenneth Hansraj anawerengera mu 2014 kuti mutu ukawerama madigiri 60, monga amachitira munthu amene foni ili pamiyendo, khosi limamva ngati lasenza makilogalamu 27. Mphindi 40 mutawerama chonchi zingapweteke kuposa ola lathunthu foni ili pafupi ndi msinkhu wa maso, koma Dashboard idzakuyamikirani pa mphindi 40 zija. Kwezani foni, tsamiritsani zigongono patebulo kapena pachifuwa, ndipo muziyang'ana pansi ndi maso, osati ndi khosi lonse.

Maso nawonso ilibe nawo ntchito. Munthu amaphethira pafupifupi ka 15 pa mphindi, koma akayang'anitsitsa sikirini amaphethira mwa apo ndi apo, misozi imauma, maso n'kuyamba kuthethetsa ngati muli mchenga. Madokotala a maso amalangiza kuti pakatha mphindi 20 zilizonse muziyang'ana chinthu chimene chili pa mtunda wa mamita 6 kwa masekondi 20. Digital Wellbeing siikukumbutsani zimenezi, muyenera kutchera wotchi nokha. Kulitsaninso zilembo mu Display, chifukwa zilembo zing'onozing'ono ndizo zimakokera foni kumphuno. Apple inaika Screen Distance mu iOS 17, imene imachenjeza foni ikakhalitsa pafupi kuposa masentimita 30. Chapafupi ndi thupi chimene Google inaika ndi Heads Up, chokumbutsa munthu woyenda akuyang'ana foni kuti adzutse mutu, koma sichipezeka pa foni iliyonse.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Dashboard siifunsa kuti ola limene mwapulumutsa mwapita nalo kuti, ndipo siiona laputopu kapena TV. Wozimitsa foni n'kutsegula laputopu ali pampando womwewo sanapindule kanthu, ngakhale manambala ake akuoneka okongola. Choncho ola lililonse limene mwadula lipatseni ntchito yake pasadakhale, monga kuyenda mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata, zomwe zimakwanitsa 150 zija.

Kwa amene akuyamba, yatsani Bedtime mode lero, zimitsani zidziwitso za mapulogalamu onse amene si a anthu okulankhulani mwachindunji, ndipo App timers mubwere nazo pambuyo. Koma dzanja likamachita dzanzi, ululu wa m'khosi ukamatsikira kumkono, kapena maso akamaona zinthu ziwiriziwiri, imeneyo si nkhani ya Settings. Kaonaneni ndi dokotala.